Halloween: ganizani kaye musanamuveke mwana chigoba

Makolo ndi inu maanja achinyamata a m'maesiteti a tiyi ku Thyolo, mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto musadabwe mwana akakupemphani ndalama yogulira chigoba cha mutu wa munthu wakufa kapena chovala cha mfiti. Waziona pa foni ndi pa TV, ndipo akufuna naye achite Halloween. Musanavomere kapena kumukalipira, dziwani kaye komwe zinachokera. Paja safunsa anadya phula.

Halloween imachitika usiku wa pa 31 Okutobala. Ambiri amati gwero lake ndi chikondwerero cha Samhain cha anthu akale a ku Ireland ndi Scotland. Kwa iwo imeneyi inali nthawi yomaliza kukolola, chisanu chikuyamba. Ankakhulupirira kuti usiku umenewu mizimu imayendayenda pakati pa amoyo, ndiye ankasonkha moto waukulu.

Kenaka mpingo wa Katolika unaika 1 Novembala kukhala tsiku la oyera mtima onse, ndipo 2 Novembala lopempherera omwalira. Dzina loti Halloween limangotanthauza madzulo a tsiku loti mawa lake ndi la oyera mtima onse. Njala itavuta ku Ireland kuyambira 1845, anthu ambiri anasamukira ku America ndipo anatenga mwambowu. Kumeneko ndi komwe anayamba kugoba maungu ngati nkhope n'kuikamo kandulo. Masiku ano ana amavala zoopseza n'kumagogoda khomo ndi khomo kupempha maswiti.

Ku America eni nyumba amadziwa kuti ogogodawo ndi ana, amaseka n'kuwapatsa maswitiwo. Nanga kuno? Kumbukirani za anamapopa. Kumapeto kwa 2002 mphekesera zoti kuli anthu opopa anzawo magazi usiku zinagwedeza Thyolo ndi maboma oyandikana nawo. Mu Seputembala 2017 zinabukanso ku Mulanje ndi Phalombe, n'kufalikira ku Thyolo, Chiradzulu mpaka Blantyre. Anthu ankagona panja, achinyamata ankatseka misewu n'kumasecha magalimoto. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa pongowaganizira, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi Phalombe. Palibe namapopa ngakhale mmodzi amene anapezeka. Amene anafa anali ana a eni, ena alendo ongodutsa.

Tsono taganizani mnyamata wanu atavala zakuda, kumaso chigoba, pakamwa atapaka zofiira ngati magazi, akuyenda m'kanjira ka m'munda wa tiyi cha m'ma 8 koloko usiku. Mlonda kapena mayi wochokera kuchigayo akakuwa, ndani adzamupatse mpata wofotokoza kuti ndi masewera a ku America? Gulu likakwiya silifunsa dzina.

Musaiwalenso kuti kwathu kuno chigoba si choseweretsa. Kwa Achewa ndi Amang'anja, gule wamkulu ali ndi eni ake ndi malamulo ake, ndipo mwana wongodziveka chigoba akhoza kuoneka ngati akunyoza mwambo.

Ndiye mutani? Choyamba, khalani naye pansi mwanayo, mumuuze mbiriyi bwinobwino. Kungomuuza kuti ndi za satana sikumuthandiza, adzakachita mobisa. Ngati pabanja panu mwagwirizana kuti asangalale, zichitike masana, pakhomo, nkhope ili poonekera, ndipo anansi a m'malayini audzidwe. Usiku ayi. Bambo ndi mayi, yankho lanu likhale limodzi, mwana asapezerepo mpata.

Chachiwiri, ngati nkhani ndi yokumbukira akufa, ifenso njira tili nazo. Mabanja amalambula manda, amamanga ziliza, ndipo Akatolika amapempherera omwalira mwezi wa Novembala. Muuzeni mwana mayina a agogo ake, mudzi womwe anachokera, ndi momwe anadzafikira kudzathyola tiyi ku Thyolo kuno. Ana ambiri amadziwa mayina a osewera mpira a ku England koma la agogo awo aakazi salidziwa.

Pomaliza, mukamva mphekesera za anamapopa, musazifalitse pa WhatsApp. Kaneneni kwa amfumu kapena kupolisi. Mlendo amene mungamugende lero ali ndi mayi ake amene akumudikira, monga momwe inu mumadikirira wanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.