Kufundula nkhope ndi asidi: zomwe ogulitsa satiuza

Teremu yachiwiri itangoyamba, mtsikana wina wa Fomu 3 pasukulu yomwe ndimaphunzitsa adabwera atakulunga mpango kumaso, kungosiya maso okha. Ine ndidayesa ndi dzino. Mphunzitsi mnzanga wachizimayi atamutengera pambali, adapeza masaya onse awiri atasupuka, pena pofiira ngati nyama, pena pakuda bii. Patchuthi mwanayu adali kwa azakhali ake m'tauni, ndipo kumeneko adagula kabotolo ka mafuta achikasu komwe wogulitsa adamutsimikizira kuti kathetsa ziphuphu m'masiku atatu. Pakabotolopo padalembedwa kuti peeling oil. Dzina la kampani padalibe, zomwe adasakanizamo sadalembe.

Zomwe mwanayu adadzichita yekha m'bafa ndi chithunzithunzi cha chithandizo chenicheni chomwe madokotala a khungu amachitcha chemical peel. Amapaka asidi pankhope mwadala kuti khungu lapamwamba lipse, lisupuke, kenaka pamere lina losalala. Anthu amachifuna pofuna kuchepetsa makwinya, zipsera za ziphuphu ndi mawanga akuda. Chikachitidwa bwino chimathandizadi, ndipo sindikufuna kunama kuti n'chachabe. Koma tigwirizane kaye kuti kumeneku ndi kuwotcha, kungoti wowotchayo amadziwa polekezera.

Mu Biology timaphunzitsa kuti khungu lili ndi chikopa chapamwamba chotchedwa epidermis, ndipo pansi pake pali dermis, momwe muli mitsempha ya magazi. Chapamwambacho chimatha ndi kumera china pachokha, pafupifupi mwezi ndi mwezi, ife osadziwa. Asidi wofatsa amangofulumizitsa ntchito imeneyi. Wotere ndi glycolic acid, yemwe amapezeka mu nzimbe, lactic acid wa m'chambiko, ndi salicylic acid, m'bale wake wa asipirini. Munthu amafundula pang'ono, pakatha sabata wachira. Wachiwiri ndi TCA, yemwe akachuluka mphamvu amalowa mpaka mu dermis. Nkhope imatupa, imachita nkhanambo, ndipo kuchira kumatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Woopsa kuposa onse ndi phenol.

Nzeruyi si ya lero. Dokotala wa ku Germany, Paul Gerson Unna, adalemba za mankhwala osupula khunguwa m'chaka cha 1882, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 madokotala awiri a ku Miami, Thomas Baker ndi Howard Gordon, adatchukitsa njira ya phenol yochotsera makwinya akuluakulu. Vuto la phenol ndi loti sathera pakhungu. Amalowa m'magazi ndipo angathe kusokoneza kagundidwe ka mtima, n'chifukwa chake amamupaka pang'onopang'ono wodwala ali pamakina oyang'anira mtima. Mu June 2024 bambo wina wa zaka 27 adamwalira mumzinda wa São Paulo ku Brazil atangopakidwa mankhwalawa pamalo okongoletsera anthu, ndipo bungwe loona za mankhwala m'dzikolo, Anvisa, lidaimitsa kugwiritsa ntchito phenol pa zokongoletsa. Mwezi wotsatira bungwe la FDA ku America lidachenjeza anthu kuti asamagule asidi wamphamvu wotere n'kumadzipaka okha popanda dokotala.

Koma nkhani yomwe imatikhudza kwambiri ife ndi ya mtundu wa khungu lathu. Madokotala amagawa makungu a anthu m'magulu asanu ndi limodzi, potsatira muyeso womwe Thomas Fitzpatrick wa ku Harvard adayambitsa mu 1975. Poyamba muyesowu udali wa azungu okhaokha. Magulu a anthu oderapo ndi akuda adawonjezedwa pambuyo pake. Ambiri a ife tili m'magulu awiri omalizawo, ndipo khungu lathu lili ndi khalidwe lake: likapsa kapena kuvulala, limatulutsa melanin wochuluka pamalo ovulalawo. Aliyense amene adafinyapo chiphuphu n'kutsala ndi kadontho kakuda kwa miyezi akudziwa zomwe ndikunena. Tsono taganizani chiphuphu chimenecho chitakhala tsaya lonse. Munthu amafuna kuchotsa timawanga tiwiri, n'kutsala ndi chigamba. Ena khungu limayereratu pamalo opsawo osabwereranso, nkhope ina khosi lina. Enanso, omwe matupi awo amachita zipsera zotupa zija timaziona pamakutu obooledwa, angathe kumera zomwezo pachibwano. N'chifukwa chake dokotala wodziwa ntchito yake, akalandira munthu wakuda, amasankha asidi wofatsa, amayamba wayesa pakamalo kakang'ono, ndipo phenol samuyandikira n'komwe.

Palinso dzuwa. Khungu longomera kumene ndi lanthete, silifuna dzuwa kwa masabata angapo, ndipo limafunika mafuta oteteza tsiku ndi tsiku. Malangizo amenewa ndi osavuta kwa munthu wa mu ofesi woyenda pagalimoto. Nanga mwana woyenda ola lathunthu wapansi kupita kusukulu, Loweruka n'kukapalira chimanga? Mafuta oteteza ku dzuwawo ndi omwe aja ngakhale abale athu achialubino, omwe moyo wawo umadalira mafutawo, amawasowa kawirikawiri.

Chomwe chimandipweteka n'choti mwanayu sadafune kukhala mzungu ayi. Ziphuphu ndi zomwe zidamusowetsa mtendere, anzake m'kalasi akumuseka, ndipo ife aphunzitsi, ine ndemwe, tidangoziona ngati nkhani ya ana. Wogulitsa pamsika ndiye yekha adamumvetsera. Chonsecho ziphuphu zili ndi mankhwala ake oyenera omwe achipatala akadamulangiza.

Makolo, mukapeza mwana wadzipaka zotere ndipo zikumuwotcha, musapake mankhwala otsukira mano, dzira kapena mafuta ophikira. Tsukani ndi madzi oyera ambiri, othira mosalekeza kwa mphindi 20, kenaka thamangirani kuchipatala mutatenga botololo kuti adokotala aone chomwe akulimbana nacho. Nkhanambo zikayamba, asazitong'ole. Ndipo amene mukufunitsitsa chithandizochi, funsani ngati wokupakaniyo ali ndi chiphaso cha Medical Council of Malawi, akuuzeni dzina la asidiyo ndi mphamvu yake, komanso ngati adagwirapo ntchito pakhungu ngati lanu. Akayamba kuzungulira, nyamukani.

Mtsikana uja adajomba masabata atatu, n'kuphonya mayeso a pakati pa teremu. Zilonda zidapola, koma tsaya lakumanzere likadali ndi chigamba chakuda, ndipo achipatala adamuuza kuti chitenga miyezi kuti chizilale. Pano amavala chipewa pobwera kusukulu, ahedi adamuloleza. Ziphuphu zija zikadalipo.