"Pin" ni zingati kodi?

Mwezi watha ndinalemba nkhani ya azimai a cilimba pa msika wina kuno ku Lusaka. Mmodzi wa iwo, amai acikulile ogulitsa kapenta, anandiuza kuti, "Ise timaika 20 pin munthu aliyense pa Cisanu." Ine ndinalemba ndendende mmene anakambila, poganiza kuti mau ocokela pakamwa pa munthu ndiwo amakometsa nkhani.

Patapita masiku atatu foni inalila. "Imwe ba nyuzi, mwanipaisa! Mkamwini wanga abwela kufuna nkongole, ati amai muli na ndalama, mumaika K20,000 wiki na wiki." Amaiwo anali kunena K20 cabe.

Wolakwa ndinali ine. Pa 1 January 2013, Bank of Zambia inacotsa mazilo atatu pa kwacha, ndipo K1,000 yakale inasanduka K1. Kale "pin" inali K1,000, aliyense anali kudziwa. Ndalama zitasintha, pakamwa sipanasinthe pamodzi nazo. Acikulile ambili, ndi makondakita ena, akali kucha K10 kuti "ten pin". Koma mnyamata wogulitsa mafoni m'tauni akati "ten pin", konzani K10,000 ya lelo. Liu limodzi, mitengo iwili, ndipo yonse ikuyenda mu mzinda umodzi.

M'basi sizivuta. Kondakita akakuuzani "ten pin" mukudziwa kuti sangakulipilitseni K10,000 kupita ku Matero. Ngati simunamve, mumafunsa, iye akuyankhani, mwina monyoza, koma akuyankhani ndithu. Pepala silingafunsidwe. Wowelenga ali yekha ndi zimene mwamupatsa, ndipo akasokela palibe womubweza.

Liu lina limene linandiphunzitsa nzelu ndi "mailo". Ife a m'tauni timati "nabwela mailo", timatinso "nizabwela mailo". Dzulo ndi mawa zonse ni mailo, ndipo cimene cimatithandiza ndi mneni. Manje taganizani cidziwitso comatidwa pa pompi ya mu komboni: "Manzi kulibe mailo." Kodi ni kupepesa za dzulo, kapena akuti tungani lelo cifukwa mawa kudzauma? Apa Cinyanja ca m'buku cili ndi mau awili osiyana, ndipo ine ndimatenga ca m'buku mosacita manyazi.

Koma musaganize kuti ca m'buku cimapambana nthawi zonse. Ku koleji ndinali ndi mnzanga wa ku Katete amene anali kuseka cilankhulo cathu, ati ni nsima yosakaniza unga wa Cinsenga, Cibemba ndi Cizungu. Sananame kwenikweni. Koma muyese kuima pa Kulima Tower n'kunena kuti "ndikufuna kutsika", muone mmene adzakuyang'anilani. Kuno timaseluka. Timakamba, sitilankhula. "Manje" tinaitenga ku zilankhulo za kum'mwela, za abale ao a Angoni, ndipo inakhazikika mwakuti mwana wa ku Kanyama amaona "tsopano" ngati liu la pa wailesi. Pamene masukulu anayamba kuphunzitsa ana a giledi 1 mpaka 4 m'zilankhulo zathu mu 2014, makolo ambili a mu Lusaka anadabwa kuona kuti Cinyanja ca m'mabuku a ana ao si cija ca pa nyumba.

Nthawi zina nkhaniyi si yoseketsa. Mu January 2024 kolela itavuta, National Heroes Stadium inasandutsidwa malo olandililako odwala. Pa nthawi ngati imeneyo wolemba alibe mpata woonetsa kuti anaphunzila. Ngati amai a mu komboni amati mwana "atulula", ine ndidzalemba "kutulula", n'kuika "kutsegula m'mimba" pambali pake kuti wa ku Chipata nayenso amve. Ndikalemba "madzi otetezeka" palibe amene adziwe cocita. Ndikalemba "wilitsani madzi kapena ikamoni klolini" munthu anyamuka n'kukoleza mbaula.

Ciyambile foni ija ndili ndi cizolowezi catsopano. Ndikatha kulemba ndimawelenga nkhani yanga mokweza, ngati ndikuuza munthu amene tapanikizana naye pa mpando wa kumbuyo, nyimbo zikulila, kondakita akukuwa "Fendelani!" Ciganizo cimene cingafune kuti ndicibweleze kawili ndimacidula. Ndalama ndimalemba ndi K ndi manambala, tsiku ndimalicha dzina lake. Akonzi anga amadandaula kuti nkhani zanga zafupika. Zoona, zafupika.

Amai a kapenta aja ndinapita kukawapepesa. Anandikhululukila, koma anati ndikonze pamene ndinalakwitsa, pa tsamba lomweli. Ndiye nazi: cilimba cao ndi K20 pa munthu, pa Cisanu paliponse. Akamwini, ngati mukuwelenga muli m'basi, ni makwacha makumi awili cabe.