KUSANKHA FULASHI: MUSAKOPEKE NDI NAMBALA YAIKULU

Kachipangizo kamene timakatcha fulashi kanayamba kugulitsidwa m'chaka cha 2000, ndipo kamene kanatuluka ndi dzina la kampani ya IBM nthawi imeneyo kankangosunga 8 MB basi. Lero mwana wa sekondale amayenda ndi fulashi ya 32 GB m'thumba la shati, momwe muli makalata ofunsira ntchito, zithunzi za masatifiketi ndi za maukwati a pabanja. Kaamba ka ichi, kugula fulashi si nkhani yongoloza ndi chala ayi.

Vuto lalikulu ndi mafulashi achinyengo amene amagulitsidwa motchipa atalembedwa 128 GB, ena mpaka 1 TB. Opanga ake amatenga fulashi yaing'ono, tinene ya 8 GB, n'kuisintha m'kati kuti izinamiza kompyuta za kukula kwake. Mukaikamo zinthu zochepa, zonse zimayenda bwino. Tsoka limadza malo enieni aja akadzaza: fulashi siikuchenjezani, imangolemba zatsopano pamwamba pa zakale kapena kuzitaya kumene. Maina a mafayilo amaonekabe onse, koma mukati mutsegule, amakana. Ambiri amazindikira izi atafika kale kosindikitsa kalata, tsiku lotsekera litakwana.

Tsono fulashi yatsopano iyeseni musanaikemo kanthu. Pa kompyuta ya Windows pali pulogalamu yaulere yotchedwa H2testw, imene imadzaza fulashi yonse kenaka n'kuwerenga zimene yalemba. Ikhoza kutenga maola, koma bodza limagwidwa. Opanda pulogalamuyi adzaze fulashi ndi mavidiyo, n'kuwatsegula oyambirira, apakati ndi omalizira. Koma musakalimbane ndi mwini sitolo poona kuti ya 64 GB ikuonetsa pafupifupi 58 GB. Kumeneko si kuba: opanga amawerengera mu 1,000 pomwe Windows imawerengera mu 1,024.

Maina monga SanDisk, Kingston ndi Transcend ndi odalirika, komatu achinyengo amakonda kukopera maina omwewo. Gulani m'sitolo yopereka lisiti, yoti mukhoza kubwererako. Mtengo ukatsika modabwitsa, ndalama zanu zibwerere m'thumba.

Nanga kukula kwake? Kwa munthu wosunga makalata ndi zithunzi, 16 GB kapena 32 GB ndi yokwana, ndipo ine ndimaona kuti ziwiri zazing'ono zimaposa imodzi yaikulu. Wonyamula mavidiyo afune ya USB 3.0, mtundu umene unakhazikitsidwa mu 2008. Kawirikawiri kukamwa kwake kumakhala kwabuluu, ndipo imathamanga kuposa ya USB 2.0 ngati kompyuta nayonso ili ndi polowetsa pa mtundu womwewo. Dziwaninso kuti fulashi yokonzedwa mu FAT32 siilandira fayilo imodzi yoposa 4 GB ngakhale malo alipo. Kuikonza mu exFAT kumathetsa vutoli, kungoti mawailesi ndi ma TV ena akale amawerenga FAT32 yokha. Amene m'nyumba mwawo mulibe kompyuta asankhe ya milomo iwiri, wina wa kompyuta wina wa foni, atayang'anitsitsa ngati foni yawo ili ya USB-C kapena micro USB.

Kunyanja kuno mchenga ndi chinyezi zimalowa paliponse, motero yokhala ndi chivundikiro ndiyo yabwino. Poichotsa pa kompyuta yambani mwasankha Eject, chifukwa kuizula ili m'kati molemba kumaononga mafayilo. Makompyuta a malo osindikitsira amalandira mafulashi a anthu ambiri, ndipo ndi mmene vairasi yobisa mafayilo imafalira. Kumeneko pitani ndi fulashi yokhala ndi kalata yosindikitsayo yokha; ya masatifiketi ndi zithunzi za banja itsale kunyumba, zomwezo mutazikoperanso pa foni kapena pa imelo.