Kuyezetsa Thupi Pofuna Viza: Dokotala Amafufuza Chiyani?

Munthu amene amamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kaya a shuga, a BP kapena ma ARV, akamva kuti viza yake ikudikira zotsatira zakuchipatala, tulo timamuthawa. Ena amafika pokonza zokabisa matendawo kwa dokotala. Komatu mayiko amene amafuna kuyeza anthu ali ndi mafunso awiri akuluakulu. Kodi matendawa angafalikire kwa anthu athu? Nanga adzadya ndalama zingati za boma? Dziko lililonse limasankha funso lomwe liziliika patsogolo.

Britain, kumene anamwino ndi ophunzira ambiri a kuno amapita, imafunsa funso loyamba lokha, ndipo pa matenda amodzi: chifuwa chachikulu (TB). Wochokera ku Malawi, Zambia, Zimbabwe kapena South Africa amene akukakhala kumeneko kupitirira miyezi 6 ayenera kukajambulitsa pachifuwa kuchipatala chovomerezedwa ndi Home Office. Chipatala china chilichonse, kaya chitchuke bwanji, satifiketi yake saiwerengera. Pamenepa sayeza HIV, sayeza shuga.

Vuto limene limagwira ambiri ndi chipsera. Munthu anadwala TB zaka zapitazo, anamwa mankhwala miyezi 6 n'kuchira, koma mapapo anatsala ndi zipsera zimene zimaoneka pa chithunzi. Dokotala sangadziwe pongoyang'ana ngati matendawo anatha kapena akadalipo, choncho amafuna makhololo. Munthu amapita m'mawa masiku atatu kukapereka, kenako makhololowo amawasunga mu labotale kuti aone ngati tizilombo timera, ndipo kudikira kwake kumatha kufika masabata 8. Uku sikulephera mayeso ayi. Zotsatira zikakhala bwino, satifiketi imatuluka. Akapeza TB, munthu amamwa mankhwala, akachira n'kuyezetsanso. Chimene chimapweteka ndi nthawi: sukulu yatsegulira, abwana ku Manchester akufunsa tsiku lofika, iwe ukudikira makhololo. N'chifukwa chake amene akudziwa kuti anadwalapo TB ayambe msanga, ndipo atenge buku lake lakuchipatala, lija lakuda ndi fumbi m'sutikesi, chifukwa ndi limene limasonyeza kuti mankhwala anamaliza. Mayi woyembekezera ali ndi ufulu wosankha: kujambulidwa atamuphimba pamimba, kupereka makhololo, kapena kudikira mpaka atachira. Ana osakwana zaka 11 nthawi zambiri sawajambula.

Ku United States mndandanda ndi wautaliko kwa wofuna kukakhazikika: TB, chindoko, chinzonono, khate, katemera, kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo, ndi matenda a maganizo amene achititsapo munthu kudzivulaza kapena kuvulaza ena. HIV inachotsedwa pa mndandandawu mu Januwale 2010, ngakhale mphekesera yakale ikadali m'makutu mwa anthu. Shuga ndi BP sizili pa mndandanda wa matenda oletsa kulowa. Komabe ofesala wa viza ali ndi mphamvu yoona ngati munthu adzakhale mtolo pa boma, ndipo thanzi limalowa m'kuunika kumeneko, choncho umboni wa ntchito, inshuwalansi kapena wachibale wokuthandizani ndi wofunika.

Canada ndi Australia ndi amene amawerengera ndalama poyera. Ku Australia, kuyambira pa 1 Julayi 2024, ngati akuluakulu a zaumoyo aona kuti chisamaliro cha munthu chidzaposa madola a kumeneko 86,000, akhoza kumukaniza viza, ngakhale kuti ma viza ena, monga a mwamuna kapena mkazi wa nzika, amalola kupempha kuti lamulolo alipepuze. Canada nayo ili ndi malire ake, koma othawa kwawo, komanso mwamuna, mkazi ndi ana oitanidwa ndi wachibale wokhazikika kumeneko, lamulo la ndalamali siliwakhudza. Asanakukanizeni amakulemberani kalata yokupatsani mpata woyankha. Ine ndimaona kuti kuyeza munthu ndi mtengo wa mankhwala ake n'kuuma mtima, makamaka banja lonse likamakanizidwa chifukwa cha mwana mmodzi wolumala, koma ndi mmene malamulowo alili.

Dokotala amene akukuyezaniyo si amene amapereka viza. Iye amalemba zimene wapeza n'kutumiza. Mukamubisira matenda, magazi ndi mkodzo zikhoza kuulula, ndipo nkhani imasintha: sakuonanso wodwala, akuona wonama. Ku Canada bodza lotere limatsekera munthu khomo zaka 5. Ndi bwino kupita ndi mankhwala m'mabotolo ake, kalata ya dokotala wanu yonena za matendawo ndi mmene mukupezera, ndi zotsatira zaposachedwa, monga za viral load kwa amene ali pa ma ARV. Tsiku loyezetsa imwani mankhwala anu monga mwa masiku onse. Kumbukiraninso kuti satifiketi ya TB ya ku Britain imagwira ntchito miyezi 6 yokha kuchokera tsiku lojambulidwa, ndiye mukayezetsa mapepala ena asanakonzeke, mudzalipiranso kachiwiri.