Kukonza ntchito ya mauthenga a pa foni: phunziro kwa a zaumoyo ku Nkhamanga

Midzi ya ku Nkhamanga yoyandikana ndi nkhalango ya Vwaza, m'boma la Rumphi, ndi ena mwa madera amene kumapezeka matenda a kaodzera m'Malawi muno. Matendawa amafala munthu akalumidwa ndi kashembe. Amayamba ndi kutentha thupi komanso mutu, choncho ambiri amayesa malungo. Mtundu wa kaodzera wopezeka kuno umathamanga, ndipo ukhoza kupha m'masabata kapena miyezi yochepa ngati wodwala sanalandire mankhwala. Apa m'pamene uthenga wa pa foni ungapulumutse moyo, koma pokhapokha ntchitoyo itakonzedwa bwino.

Chitsanzo chilipo kale. Chipatala Cha Pa Foni chinayamba mu 2011 ku Balaka, motsogozedwa ndi bungwe la VillageReach mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Chinayamba ndi nkhani imodzi yokha, ya uchembere ndi umoyo wa ana, m'boma limodzi. Kenaka chinakula mpaka kufika dziko lonse, anthu n'kumaimba mwaulere pa 54747 pa Airtel, ndipo pambuyo pake chinaperekedwa m'manja mwa boma. Phunziro lake ndi lakuti ntchito iyambe yaing'ono, ndipo amene adzaisenze mtsogolo akhalepo kuyambira pa tsiku loyamba.

Choyamba pokonza ndi cholinga chimodzi chomveka. "Kudziwitsa anthu za kaodzera" n'kotakata kwambiri. Cholinga chogwirika ndi ichi: aliyense wotentha thupi, amene sanapezeke ndi malungo kapena sakuchira atamwa mankhwala ake, atumizidwe msanga kukayezetsa magazi.

Chachiwiri ndi kudziwa amene ali ndi foni. Alangizi a zaumoyo ambiri akhoza kukhala pa gulu la WhatsApp, koma m'midzi muli mafoni ang'onoang'ono olandira SMS basi, ndipo kawirikawiri foni ya pabanja imakhala ndi bambo. Okonza ntchito afunse za netiweki ku Bolero, Mwazisi ndi Hewe, kumene anthu amatchajitsa mafoni, komanso amene azilipira mayunitsi ndi mabandulo.

Chachitatu ndi chiyankhulo. Ku Nkhamanga anthu amayankhula Chitumbuka. Uthenga ulembedwe m'Chitumbuka, ukhale waufupi, ndipo uyesedwe kaye pa anthu ochepa a m'mudzi usanatumizidwe kwa onse. Mauthenga a mawu amathandiza amene sadziwa kuwerenga. Mafumu a m'dera la Themba la Mathemba Chikulamayembe ndi makomiti a zaumoyo adziwitsidwe ntchito isanayambe, chifukwa uthenga wochokera ku nambala yachilendo sakhulupirira.

Chachinayi ndi kugawana maudindo. Pakhale wolemba uthenga, wa chipatala wotsimikizira kuti ndi woona, ndi woyankha mafunso pa nthawi yodziwika. Gulu lopanda woyang'anira limasanduka bwalo la mphekesera. Mayina, zithunzi ndi zotsatira za odwala zisaponyedwe pa gulu. Zipite kwa wa chipatala yekha.

Uthenga ukhalenso ndi chiyembekezo. Kale odwala mwakayakaya ankabayidwa melarsoprol, mankhwala amene ankapha ena mwa owalandira. Chipatala cha boma cha Rumphi chinachita nawo kafukufuku wa bungwe la DNDi woyesa fexinidazole, mapiritsi omwa masiku 10 pamodzi ndi chakudya, ndipo mu Disembala 2023 bungwe loona za mankhwala ku Ulaya linavomereza kuti angathandize pa mtundu uwu wa kaodzera. Anthu akamva kuti thandizo lapepuka, mantha opita ku chipatala amachepa.

Pomaliza, kupambana kwa ntchito sikuyezedwa ndi kuchuluka kwa mauthenga otumizidwa. Mwezi uliwonse alangizi awerenge anthu amene anatumizidwa kukayezetsa, amene anafikadi, ndi masiku amene anadutsa chiyambireni kudwala. Masikuwo akamachepa, ndiye kuti foni ikugwira ntchito yake.