Galimoto Ikamanjanja, Tiyang'ane Ma Shock

Ambirife timaganiza kuti ma shock absorber anaikidwa kuti tizikhala mwawofuwofu podutsa m'mabampu. Komatu amene amalandira bampu ndi ma spring. Vuto lake, spring ikapanikizika siima msanga, imangonjanja. Shock ndiyo imailetsa. M'kati mwake muli oyilo ndi pisitoni ya timabowo ting'onoting'ono. Oyiloyo akamadutsa movutikira m'timabowomo, mphamvu yonjanja ija imasanduka kutentha.

Ma shock akatha, tayala limadumphadumpha m'malo mogwira msewu. Tayala likakhala m'malere, buleki ndi chiwongolero sizimvera, makamaka pokhota kapena mvula ikagwa.

Choncho tisananyamule anzathu a kwaya, tidinikize galimoto pamwamba pa tayala limodzi n'kuisiya. Ikanjanja kangapo, kapena tikaona shock ikuchucha oyilo, iyambe yapita kwa makaniko.