Kuphunzitsa Chingerezi pa Lamya Tili Pakhomo

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, aphunzitsife tinaona kuti phunziro likhoza kuyenda pa lamya. Komabe mphunzitsi wokhala ndi khanda kumsana sangalankhule mphindi 30 mosadukiza. Nayenso wophunzira wa ku Nkhotakota amakhala kugombe m'maŵa, akuthandiza kuyanika usipa, ndipo ndalama za intaneti nzochepa.

Choncho tijambule mau athu mbandakucha, ana asanadzuke: ziganizo zisanu zokha za Chingerezi, zonena za bwato, ukonde ndi nsomba. Tizitumize pa WhatsApp. Wophunzira azibwereze madzulo natitumizira mau ake, ife tikonze katchulidwe. Phunziro lalifupi lofika tsiku ndi tsiku limaposa lalitali limene kulira kwa mwana kwalidula pakati.